Kodi Dzina Lakuti Chokoleti Ndi la Yani? Mmene Mayiko Avutikira Kugwirizana pa Zopangira ndi Zolembedwa Pachikuto

Mu 1973, pamene mayiko a Britain, Ireland ndi Denmark ankalowa mumgwirizano wa zamalonda wa mayiko a ku Ulaya, panabuka funso limene munthu wongomva akanaliyesa lachibwana, koma limene linatenga zaka 30 kuti lithe: kodi chimene mafakitale a ku Britain ankagulitsa n'kumati ndi chokoleti chinalidi chokoleti? Mayiko asanu ndi limodzi amene anayambitsa mgwirizanowo, makamaka Belgium, France ndi Italy, ankati ayi, chifukwa kwawo mafuta ololedwa mu chokoleti anali a koko ndi a mkaka basi, pamene alendo atatuwo ankathiramo pang'ono mafuta a mitengo ina. Nkhaniyi inazengedwa m'makomiti, m'nyumba ya malamulo ya ku Ulaya mpaka m'makhoti, ndipo mmene inathera zikusonyeza chimene chimachitika mayiko akamayesa kulinganiza malamulo a chakudya: kawirikawiri sagwirizana za kapangidwe ka chakudyacho, koma za mawu amene alembedwe pachikuto chake.

Mkanganowu sungamveke ngati munthu sanadziwe kaye chimene chili mu nthanga ya koko. Alimi akathyola zipatso za koko amaziswa, n'kuchotsa nthanga, kuzivundika kwa masiku angapo, kenako kuziyanika padzuwa. Ku fakitale nthangazo amazikazinga, kuzichotsa khungu ndi kuzipera mpaka zisanduke phala loderapo, ndipo pafupifupi theka la phalalo ndi mafuta. Phalalo likafinyidwa ndi makina, mafuta amatuluka paokha, ndipo chotsalacho chikaperedwa chimakhala ufa wa koko umene anthu amathira m'makeke ndi m'zakumwa. Chokoleti chodya chimapangidwa posakaniza phala la koko, shuga ndi mafuta a koko owonjezera, komanso mkaka ngati chili cha mkaka. Mafuta a kokowa ali ndi khalidwe limene mafuta ena ambiri alibe, chifukwa amakhala olimba pamalo pozizirira, koma amasungunuka msanga kutentha kukafika madigiri pafupifupi 34, kumene kuli kotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake chokoleti chabwino chimathyoka mosanyenyeka m'manja koma chimasungunuka chikangokhala palilime. Mafuta amenewa alinso m'gulu la zinthu zokwera mtengo kwambiri mwa zonse zolowa mu chokoleti, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chokoleti chimene tikuchidziwa lero si chakale kwenikweni. Coenraad van Houten wa ku Netherlands ndi banja lake anatulukira makina ofinyira koko mu 1828, kampani ya Fry ya ku Bristol inapanga chokoleti cholimba chodya mu 1847, ndipo Daniel Peter wa ku Vevey, m'dziko la Switzerland, anakwanitsa kusakanizamo mkaka mu 1875. Kuchokera pamenepo dziko lililonse linatenga njira yake. A ku Britain anakonda chokoleti cha mkaka wambiri ndi koko wochepa, monga Dairy Milk ya Cadbury imene inayamba kugulitsidwa mu 1905, pamene a ku France ndi Belgium anazolowera chokoleti chakuda, chowawirako. Malamulo a dziko lililonse anadzangolemba zimene mafakitale a dzikolo ankachita kale. Choncho pamene nthumwi zinkakangana za tanthauzo la chokoleti, aliyense ankateteza mafakitale akwawo ndi lilime la anthu akwawo, ngakhale kuti pagulu ankanena kuti akuteteza wogula.

Lamulo loyamba la chokoleti la mgwirizano wa ku Ulaya, la mu 1973 lomwelo, linalephera kumanga chimodzi. Linalola mayiko atatu atsopanowo kupitiriza kuthira mafuta ena kwawo, n'kusiya funso lalikulu kuti lidzaonedwe mtsogolo. Mtsogolomo munachedwa kufika. Pofika mu 1995, mgwirizanowo utakula n'kukhala ndi mayiko 15, asanu ndi awiri ankalola mafuta enawo, kutanthauza Britain, Ireland, Denmark, Portugal, Austria, Finland ndi Sweden, pamene asanu ndi atatu otsalawo ankakana. Izi zinali zochititsa manyazi kwa mayiko amene ankadzitama kuti ali ndi msika umodzi, makamaka chifukwa khoti lawo lalikulu linali litagamula kale mu 1979, pa mlandu wa chakumwa cha ku France chotchedwa Cassis de Dijon, kuti katundu wopangidwa ndi kugulitsidwa movomerezeka m'dziko limodzi la mgwirizanowo ayenera kuloledwa m'mayiko enawo, pokhapokha pali chifukwa chachikulu monga thanzi la anthu. Palibe amene ankanena kuti chokoleti cha ku Britain chimadwalitsa. Otsutsa ankangofuna kuti chisatchedwe chokoleti, ndipo ena anafika popereka maganizo akuti chizitchedwa "vegelate", mawu olumikiza "vegetable" (zomera) ndi "chocolate", dzina limene anthu a ku Britain analimva ngati chipongwe.

Mfundo inamangidwa pa 23 June 2000, m'lamulo lodziwika ndi nambala yakuti 2000/36, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu August 2003. Lamuloli limalola mafuta ena osakhala a koko, koma asapitirire 5 peresenti ya chokoleticho, ndipo mlingowo umawerengedwa atachotserapo kulemera kwa zinthu zina zoikamo monga mtedza kapena zipatso zouma. Chofunika kwambiri, chimene ambiri sachimvetsa, n'chakuti mafuta enawo saloledwa kutsitsa mlingo wotsikitsitsa wa koko umene lamulo limafuna. Chokoleti wamba chiyenera kukhalabe ndi zochokera ku koko zosachepera 35 peresenti, mwa zimenezo mafuta a koko osachepera 18 peresenti ndi koko wopanda mafuta wosachepera 14 peresenti. Mafuta enawo amangolowa m'malo mwa mafuta a koko amene wopangayo akanawonjezera pamwamba pa mlingo wa lamulo. Amene wathira mafuta enawo amakakamizidwa kulemba pachikuto kuti muli mafuta a zomera kuwonjezera pa mafuta a koko, ndipo lamulo linafika ponena malo ndi kukula kwa zilembozo: pafupi ndi mndandanda wa zopangira koma mosiyana nawo, m'zilembo zakuda kwambiri zosachepa poyerekeza ndi za mndandandawo, dzina la chinthucho lili chapafupi.

Si mafuta alionse amene analoledwa. Lamulo linatchula mitundu isanu ndi umodzi yokha ya mafuta a mitengo: illipe wa ku Borneo, mafuta a kanjedza amene ku Karonga amawatcha mawese, sal ndi kokum za ku India, shea wa kumadzulo kwa Africa, ndi mafuta a m'kati mwa njere ya mango, njere yomweyi imene ife timataya tikatha kudya m'nyengo ya dzinja. Mafuta a kokonati amaloledwa pa chokoleti chopangira ayisikilimu chokha. Kusankhaku kuli ndi chifukwa cha sayansi, pakuti mafuta asanu ndi limodziwa akayengedwa amafanana kwambiri ndi mafuta a koko m'kapangidwe kawo, moti amasakanikirana nawo pamlingo uliwonse osasokoneza kulimba ndi kusungunuka kwa chokoleti, pamene mafuta monga a kokonati akasakanizidwa ndi a koko amachifewetsa ndi kuchichititsa kutuwa. Koma kulinso chifukwa cha ndale, chifukwa mitengo yonseyi imamera m'mayiko otentha, ndipo lamulo linaletsa kusintha mafutawo ndi ma enzayimu (mapuloteni otha kusintha kapangidwe ka mafuta), njira imene ikanalola kuti mafuta otchipa a mbewu zina asandutsidwe ofanana ndi a koko. Mwa kutero a ku Ulaya ankatha kunena kuti ndalama imene mlimi wa koko waluza ikupitabe kwa mlimi wina wa dziko losauka.

Apa ndi pamene Africa anapezeka mbali zonse ziwiri za mkangano wa eni ake. Côte d'Ivoire ndi Ghana, amene pamodzi amalima pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a koko wa dziko lonse lapansi, anali ndi chifukwa chomveka choopera lamuloli, popeza 5 peresenti ya chokoleti chonse chodyedwa ku Ulaya ndi matani ambiri a koko. Koma ku Burkina Faso, ku Mali ndi kumpoto kwa Ghana yemweyo, kumene amayi amatola nthanga za shea m'tchire, lamulo lomwelo linatsegula msika. Onsewa analibe voti m'chipinda chimene nkhaniyi inkagamulidwa. Ndikuona kuti imeneyi ndiyo mbali ya nkhaniyi imene imaiwalika msanga, chifukwa pofotokoza za mkanganowu anthu amakonda kusimba za kunyada kwa Belgium ndi kukakamira kwa Britain, ngati kuti koko amamera ku Brussels kapena ku Birmingham.

Panali funso lachiwiri, la mkaka, limene linathetsedwa mwa njira yoseketsa. Lamulo la ku Ulaya limati chokoleti cha mkaka chikhale ndi zochokera ku koko zosachepera 25 peresenti ndi zochokera ku mkaka zosachepera 14 peresenti. Chokoleti chimene anthu a ku Britain ndi Ireland amakonda chimakhala ndi koko 20 peresenti ndi mkaka 20 peresenti, kotero sichikwana pamlingowo. Anagwirizana kuti kwawo chizitchedwabe "milk chocolate", malinga alembe mlingo wa mkaka pachikuto, koma chikawoloka nyanja kupita ku France kapena ku Germany chizitchedwa "family milk chocolate". Chinthu chimodzi, chochokera m'fakitale imodzi, chinapatsidwa mayina awiri malinga ndi dziko limene chikugulitsidwa, ndipo zimenezi zinawerengedwa kuti ndi kugwirizana.

Si onse amene anagonja mwaulemu. Italy ndi Spain ankakakamiza kuti chokoleti chokhala ndi mafuta ena chizilembedwa kuti ndi cholowa m'malo mwa chokoleti, ndipo pa 16 January 2003 khoti lalikulu la mgwirizanowo linagamula kuti mayiko awiriwa akuphwanya ufulu wa malonda, chifukwa kuthira mafuta ochepa chotero sikusintha chinthucho kukhala china, ndipo kungolemba zoona pachikuto n'kokwanira kuteteza wogula. Italy anayesa njira ina, yolola kuti chokoleti cha mafuta a koko okhaokha chizitchedwa "cioccolato puro", kutanthauza chokoleti chenicheni chosasakaniza, koma mu November 2010 khoti lomwelo linakananso. Maganizo a khoti anali akuti lamulo la mu 2000 linakhazikitsa mayina amodzimodzi kwa onse, ndipo dziko limodzi silingapange dzina lowonjezera limene likupereka chithunzi chakuti chokoleti chinacho n'chodetsedwa. Wopanga amaloledwa kunena penapake pachikuto kuti sanathire mafuta ena, koma asasinthe dzina.

Lamulo la mlingo limakhala lopanda mano ngati palibe njira yoyezera, ndipo vuto apa linali lakuti mafuta ololedwawo anasankhidwa dala chifukwa chofanana ndi a koko, zimene zimachititsa kuti kuwasiyanitsa mu labotale kukhale kovuta. Akatswiri a malo ofufuzira a mgwirizano wa ku Ulaya anakonza njira yoyezera kuchuluka kwa mitundu itatu ikuluikulu ya mafuta opezeka mu koko n'kuyerekeza ndi mmene imakhalira mu koko weniweni wochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo njirayi inadzakhala muyezo wa bungwe la ISO, loona za miyezo padziko lonse. Makina ake ndi okwera mtengo ndipo amafuna anthu ophunzira, moti dziko limene lilibe labotale yoteroyo limangokhulupirira zimene wopanga walemba.

Kunja kwa Ulaya, ntchito yolinganiza miyezo ya chakudya ili m'manja mwa bungwe la Codex Alimentarius, limene linakhazikitsidwa ndi mabungwe a United Nations a FAO (loona za chakudya ndi ulimi) ndi WHO (loona za umoyo) ndipo linayamba kukumana mu 1963. Lili ndi mayiko 188 pamodzi ndi mgwirizano wa ku Ulaya, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi mamembala. Komiti yake yoona za koko ndi chokoleti inkatsogoleredwa ndi Switzerland, ndipo muyezo wake wa chokoleti wa mu 1981 unakonzedwanso mu 2003, chaka chomwecho chimene lamulo la ku Ulaya linayamba kugwira ntchito. Miyezo ya Codex si lamulo mwa iyo yokha, ndipo dziko likhoza kuitenga kapena kuisiya. Koma kuyambira mu 1995, pamene bungwe la zamalonda la WTO linakhazikitsidwa, miyezoyi inalemera, chifukwa mapangano a WTO amafuna kuti malamulo a mayiko azitsamira pa miyezo ya dziko lonse, ndipo dziko loika malamulo okhwima kuposa pamenepo liyenera kukhala lokonzeka kufotokoza chifukwa chake. Mlandu umene unaonetsa mphamvu imeneyi unali wa nsomba za m'zitini. Mu 2002 Peru anapambana pa mlandu wotsutsa mgwirizano wa ku Ulaya, umene unkakana kuti nsomba za ku Peru zizitchedwa sadini, pamene muyezo wa Codex unkalola dzinalo malinga pawonjezeredwe mawu osonyeza mtundu kapena dera. Funso linali lomwe lija la chokoleti, lakuti mwini dzina ndani.

Muyezo wa Codex unatenga manambala ambiri ofanana ndi a ku Ulaya, monga 35 peresenti pa chokoleti wamba, 25 pa cha mkaka, 20 pa cha "family", mafuta a koko osachepera 20 peresenti pa chokoleti choyera, ndi malire a 5 peresenti pa mafuta ena. Komabe ukawerengedwa mofatsa umaonetsa zipsera za kukokanakokana. Pa mlingo wa mkaka mu chokoleti cha mkaka sunaike nambala imodzi, koma unati pakati pa 12 ndi 14 peresenti, dziko lililonse lisankhe lokha, ndipo sikovuta kuona kuti 12 ndi nambala ya America pamene 14 ndi ya Ulaya. Sunatchulenso mitundu ya mafuta ololedwa, nkhani imene unaisiyira malamulo a dziko lililonse.

America sanalandire mfundo ya 5 peresenti. Malamulo a bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala kumeneko, salola kuti chinthu chimene chathiridwa mafuta a zomera m'malo mwa a koko chitchedwe chokoleti, ndipo mu 2007, pamene mabungwe a makampani a zakudya anapereka pempho limene likanatsegula khomo limeneli, ogula ndi opanga ena, motsogozedwa ndi kampani ya Guittard ya ku California, anakana mwamphamvu moti lamulolo silinasinthe. Chodabwitsa n'chakuti dziko lokhwima chotero pa mafuta limalola chokoleti cha mkaka chokhala ndi phala la koko lokwana 10 peresenti yokha. Munthu wofulumira anganene kuti America amafuna 10 pamene Ulaya amafuna 25, koma manambala awiriwa sayeza chinthu chimodzi, chifukwa ku America amawerenga phala la koko lokha, pamene ku Ulaya amawerenga phalalo pamodzi ndi mafuta a koko owonjezera. Zotsatira zake n'zakuti Dairy Milk ya ku Britain, imene ili ndi mafuta a kanjedza ndi a shea, sikwanira kutchedwa chokoleti cha mkaka ku America, ndipo imene imagulitsidwa kumeneko pa dzina lomwelo imapangidwa ndi kampani ya Hershey mwa chilolezo, ndi kasakanizidwe kena.

Nambala ya peresenti imene imalembedwa m'zilembo zikuluzikulu kutsogolo kwa chikuto nayo imafuna kuimvetsa bwino. Ku Ulaya wopanga amakakamizidwa kulemba mlingo wotsikitsitsa wa zochokera ku koko, pamene ku America n'zakufuna kwake. Koma 70 peresenti imaphatikiza mafuta a koko ndi koko wopanda mafuta, kotero mitundu iwiri ya chokoleti yolembedwa 70 ikhoza kusiyana kwambiri kukoma ndi kuwawa kwake, malinga ndi mmene magawo awiriwo agawidwira. Nambalayi siuza wogula kumene koko anachokera, mmene anavundikidwira, kapena ndalama imene mlimi analandira.

Pamene nkhani ya dzina inkazizira, panabuka ina yolemera kwambiri, ya cadmium, chitsulo chimene chimapezeka m'nthaka ndipo chikachuluka m'thupi kwa zaka zambiri chimawononga impso. Mtengo wa koko umayamwa cadmium m'nthaka, ndipo nthaka ya madera ena a Peru, Ecuador ndi Colombia ili naye wambiri mwachilengedwe kuposa ya kumadzulo kwa Africa. Popeza amakhala mu koko wopanda mafuta, chokoleti chikamadera kwambiri ndi pamene amachulukanso. Mgwirizano wa ku Ulaya unaika malire ake mu 2014, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019: mamiligalamu 0.10 pa kilogalamu pa chokoleti cha mkaka cha koko wosafika 30 peresenti, kukwera mpaka 0.80 pa chokoleti cha koko wokwana 50 peresenti kapena kuposerapo, ndi 0.60 pa ufa wa koko wogulitsidwa kwa anthu. Codex inatsatira pang'onopang'ono pakati pa 2018 ndi 2022 ndipo inaika malire ofewerapo, monga 0.3 pa chokoleti cha koko wosafika 30 peresenti ndi 2.0 pa ufa wa koko. Pa magulu awiri amenewa malire a Codex ndi okwera katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi a ku Ulaya, amene anakana kuwatsatira ponena kuti ana akwawo amadya chokoleti chambiri. Mayiko a ku South America anadandaula kangapo ku komiti ya WTO, ndipo dandaulo lawo lalikulu linali lakuti ngakhale malirewo ndi a chokoleti chopangidwa kale, ogula koko anayamba kuwagwiritsa ntchito pa nthanga zenizenizo n'kumatsitsa mtengo kwa alimi. Mlimi wa mtedza wa ku Mchinji kapena ku Kasungu, amene mbewu yake imakanidwa pamisika ya kunja chifukwa cha poizoni wa chuku, angaimvetse nkhaniyi mosavuta.

Zolembedwa zochenjeza anthu amene amawengedwa ndi zakudya zina nazo sizinafanane, ngakhale kuti apa ndi pamene moyo wa munthu ungathe kutayika m'mphindi zochepa. Chokoleti chimakhudzidwa kwambiri chifukwa chimakhala ndi mkaka, soya ndi mtedza wamitundumitundu, ndipo makina amodzi amapanga mitundu ingapo motsatizana, moti chokoleti chakuda chimene sichinathiridwe mkaka chikhoza kukhala ndi timadontho ta mkaka wotsalira. Ku Ulaya lamulo limatchula zinthu 14 zimene ziyenera kuonetsedwa mwapadera pamndandanda wa zopangira, pamene ku America zinali zisanu ndi zitatu mpaka pa 1 January 2023 pamene chitowe chinawonjezeredwa. Mawu akuti mwina muli mtedza kapena mkaka amalembedwa mwa kufuna kwa wopanga m'mayiko ambiri, ndipo chifukwa makampani ena amawalemba pa chilichonse pongodziteteza ku milandu, chenjezolo limataya mphamvu kwa amene analembera. Kutsogolo kwa chikuto kusiyana n'kwakukulu koposa. Chile anayamba mu 2016 kuika zizindikiro zakuda za ngodya zisanu ndi zitatu zochenjeza za shuga ndi mafuta ochuluka, Mexico anatsatira mu 2020, France ali ndi Nutri-Score, chizindikiro cha zilembo A mpaka E chosonyeza ubwino wa chakudya pa thanzi, kuyambira mu 2017, ndipo Britain amagwiritsa ntchito mitundu ya maloboti apamsewu. Dzira la chokoleti la Kinder Surprise, limene ku Ulaya limagulidwira ana tsiku ndi tsiku, n'loletsedwa ku America chifukwa lamulo la mu 1938 limakana kuika chinthu chosadyedwa m'kati mwa switi, ndipo n'loletsedwanso ku Chile pa chifukwa china, chakuti kachidole kasamakope ana kudya zashuga.

Kwa mayiko ngati Malawi ndi Zambia, amene chokoleti chambiri amachita kuitanitsa, makamaka kuchokera ku South Africa, phindu la miyezo yogwirizana n'lakuti bungwe ngati Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, silifunika kuyamba lokha kufufuza tanthauzo la chokoleti, koma likhoza kutsamira pa zimene Codex inamanga kale. Ndi njira yomweyi imene bungwe la ARSO, loona za miyezo mu Africa muno, likuyesa kuti katundu azidutsa malire mosavuta pansi pa mgwirizano wa malonda wa Africa yense. Pa koko penipeni, ARSO inatulutsa muyezo wake wa ARS 1000 wonena za kalimidwe kosamalira anthu ndi chilengedwe, umene Côte d'Ivoire ndi Ghana anaulimbikitsa pofuna kuti asamangolandira malamulo olembedwa kwa ogula. Nthawi yomweyo mgwirizano wa ku Ulaya unakhazikitsa lamulo la mu 2023 lokana koko wolimidwa pamalo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 December 2020, lamulo limene limafuna kuti munda uliwonse udziwike malo ake enieni pamapu, ndipo kuyamba kwake kunachedwetsedwa chifukwa ambiri anali asanakonzeke. Alimi a koko a ku Kyela, m'dziko la Tanzania kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ali m'gulu la amene lamulo limeneli likuwakhudza.

Kufunika kwa malire onsewa kunaonekera bwino pamene koko anakwera mtengo. Kwa zaka zambiri tani imodzi inkagulidwa pakati pa madola 2,000 ndi 3,000, koma zokolola zitachepa ku Côte d'Ivoire ndi Ghana chifukwa cha nyengo yoipa, matenda a mitengo ndi kukalamba kwa minda, mtengo unadutsa madola 10,000 mu March 2024 ndipo unapitirira 12,000 mu December chaka chomwecho. Opanga anali ndi njira zitatu: kukweza mtengo, kuchepetsa kukula kwa chinthucho, kapena kuchepetsa koko. Amene anasankha njira yachitatu anakumana ndi lamulo lija la mu 2000, limene Britain anapitiriza kulisunga ngakhale atatuluka mumgwirizano wa ku Ulaya. Mu 2025 mabisiketi otchuka a Penguin ndi Club a kampani ya McVitie's, atawonjezeredwa mafuta a kanjedza ndi a shea mpaka kudutsa malire, anasiya kulembedwa kuti ndi okutidwa ndi chokoleti, ndipo pachikuto panayamba kulembedwa kuti "chocolate flavour", kutanthauza kuti chokutiracho chimangomveka kukoma kwa chokoleti. Dzina la bisiketi, mtundu wa pepala ndi malo ake pashelefu m'sitolo sizinasinthe.